Dzuwa la Malichi Lisakupusitseni: Kuyamba Dimba Kuseri kwa Nyumba ku England

"Ndimakhala ku Leeds m'nyumba ya lendi, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuseri kuli kabwalo ka kapinga, mwina mamita 4 m'lifupi ndi 7 m'litali. Chaka chatha dzuwa litangowala mu Malichi ndinagaula n'kudzala maungu, chimanga, nyemba ndi bonongwe, mbewu zimene anandipatsa amayi anga ku Dedza. Zambiri sizinamere. Zimene zinamera zinada usiku umodzi n'kufota ngati zathiridwa madzi otentha. Nditadzalanso mu Meyi nkhono zinamaliza zonse, kupatula chimanga chimene chinakula mpaka kupitirira mpanda koma osabereka. Mpiru unachita maluwa ndisanathyole n'kamodzi komwe. Kodi nthaka ya kuno ndi yoipa, kapena ndine amene ndaiwala ulimi? Spring, nyengo imene kumayamba kufunda kuzizira kukatha, yayandikiranso, ndiyambire pati? Ndikufunanso nkhuku zitatu kapena zinayi za mazira. Kodi n'zololedwa?"
Mayi wa ku Leeds

Zikomo kwambiri mayi polemba. Mtima ukhale pansi, ulimi simunaiwale ndipo nthaka ya ku Yorkshire, chigawo chimene muli Leeds, ilibe mlandu. Eni dziko akhala akudya kabichi, mbatatesi ndi anyezi za m'nthaka yomweyo kuyambira makolo awo. Makalata ngati yanuyi ndimalandira chaka ndi chaka kuchokera kwa anzathu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo pafupifupi zonse mwadandaulazi gwero lake ndi limodzi: munadzala mbewu zabwino pa nthawi yolakwika.

Kwathu mlimi amayang'ana kumwamba. Nthaka imakhala ili yofunda kale, chosowa ndi madzi, ndiye mvula yodzalira ikangogwa mu Novembala kapena Disembala aliyense amathamanga ndi khasu. Kuno m'miyezi ya spring madzi si vuto, nthaka imatuluka m'nyengo yozizira ili chinyontho chokhachokha. Chosowa ndi kufunda. Dzuwa la mu Malichi limawala bwino mpaka munthu kuvula jekete, koma mukapisa chala pansi mupeza dothi lili zii. Njere ya dzungu kapena nyemba ikagona m'dothi lonyowa ndi lozizira siimera, imangowola. Nyemba ndi chimanga zimafuna nthaka yofunda madigiri 10 mpaka 12, maungu ndi bonongwe cha m'ma 15 kupita m'tsogolo, pomwe nthaka ya ku Leeds mu Malichi nthawi zambiri imakhala isanafike n'komwe pa 7. Kachipangizo koyezera kutentha kwa dothi n'kotchipa, koma ngati mulibe, yang'anani udzu: timbewu ta udzu tikayamba kumera tokha paliponse, ndiye kuti nthaka yadzuka mokwanira mbewu zopirira kuzizira, osati maungu.

Zimene zinada usiku umodzi zija, chinali chisanu. Inu a ku Dedza mukuchidziwa, chija chimawaula mbewu za m'madimba m'mamawa wa mu Juni ndi Julayi. Kuno chimabwerabwera mpaka mochedwa. Kummwera cha ku London chimatha kumapeto kwa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, kwanu ku Leeds muziwerengera mpaka sabata yachitatu kapena yomaliza ya Meyi, ndipo ku Scotland ena amadikira Juni. Usiku woopsa si wa mitambo ndi mvula ayi, koma wopanda mphepo, kumwamba kuli mbee, nyenyezi zikuoneka. Mukaona a zanyengo a Met Office alosera madigiri 4 kapena kutsikirapo, dziwani kuti pansi penipeni pakhoza kuundana. Maungu, nyemba, chimanga, tomato ndi bonongwe sizipirira chisanu n'kamodzi komwe, choncho zisagone panja Meyi asanathe, kaya masana kukutentha bwanji. Pa allotment, timinda tobwereka ku khonsolo, pamene ndakhala ndikulima zaka zambiri, amene amaluza nyemba ndi obwera kumene, chifukwa sabata imodzi ya dzuwa imawakopa. Gulani kansalu koyera kopepuka kamene m'masitolo a zaulimi amati fleece. Mukafunditsa madzulo kamapulumutsa bedi lonse.

Musanagwire fosholo, tengani tsiku limodzi lopuma mungoyang'ana dzuwa. Kuno limadzera kummwera, ndiye khoma loyang'ana kummwera ndi limene limafunda msanga, pomwe patsinde pa mpanda wa kummwera kwa bwalo pamakhala mthunzi pafupifupi tsiku lonse. Malo oombedwa ndi dzuwa maola 6 kapena kuposa asungireni maungu, nyemba ndi tomato. Pamthunzi pang'ono repu ndi chomoliya zimalolera. Kenaka lembani uthenga kwa eni nyumba kupempha chilolezo chochotsa kapinga, ndipo yankho lawo mulisunge, chifukwa ndaona anthu akudulidwa dipoziti kaamba ka kabedi ka anyezi. Akakana musakangane nawo. Zidebe ndi miphika ya malita 30 kapena 40 yoboola kunsi imabereka bwino, ndipo posamuka mumanyamula.

Za kugaula, musadzivute. Nthaka yambiri ya m'matauni muno ndi dongo lolemera longa makande, ndipo mukaligaula lili lonyowa limaumbika zibuma zimene zidzakusautsani chilimwe chonse. Tapani dothi dzanja limodzi mufinye. Likamata n'kukhala mpira wonyezimira, lisiyeni liume kaye. Woyamba kumene ndimamulangiza njira yosalima konse. Tchetchani kapinga, yalani makatoni a bulawuni mutachotsa selotepi, m'mphepete mwake asanjikizane kuti udzu usapeze podzera, anyowetseni, kenaka thirani kompositi pamwamba kukhuthala kwake masentimita 10 mpaka 15. Mbande mumadzala mu kompositi momwemo tsiku lomwelo. Pakatha miyezi ingapo makatoni awola, kapinga wafa, nyongolotsi zalima m'malo mwanu. Bedi lisapose masentimita 120 m'lifupi kuti dzanja lizifika pakati osapondamo. Ndi ntchito yanu ya mashifiti, mabedi awiri otalika mamita 3 akukwanirani chaka chino. Ambiri amene amasiya ulimi kuno amasiya chifukwa anatsegula malo aakulu mu Epulo, udzu n'kuwapitirira mu Juni.

Manyowa a akavalo amapezeka aulere m'makola ambiri kunja kwa tauni ndipo ndi abwino akawolerana, koma nthawi zina amakhala ndi mankhwala ophera udzu otchedwa aminopyralid, amene amadutsa m'mimba mwa chiweto osawonongeka. Akalowa m'bedi, nyemba, tomato ndi mbatatesi zimapiringizika nsonga, masamba n'kukhala opyapyala okhotakhota. Yesani kaye: dzalani njere zingapo za nyemba kapena nsawawa (peas) m'kamphika ka manyowawo pawindo, mudikire masabata 3 kapena 4. Zikakula bwinobwino, thirani. China choyenera kusamala n'chakuti Leeds ndi mzinda wa mafakitale akale, ndipo dothi la pafupi ndi nyumba zakale nthawi zina limakhala ndi mtovu wochokera ku penti ndi phulusa la malasha. Mukamakumba n'kumapeza makala, magalasi, zitsulo, kapena kumva fungo la mafuta, musadzale ndiwo pamenepo. Pangani mabedi okwera a dothi logula, ndipo funsani a khonsolo oona za umoyo ndi chilengedwe, kapena tumizani dothi ku labotale likayezedwe, makamaka ngati pakhomo pali ana aang'ono.

Tsopano zodzala. Kuyambira pakati pa Malichi mpaka Epulo, nthaka ikauma pang'ono, mukhoza kuika panja zosaopa kuzizira. Anyezi musavutike ndi njere, gulani timaanyezi todzala timene amati sets, mutikwirire motalikana masentimita 10, kansonga kokha kakuonekera. Nsawawa nazo ndi za nthawi ino. Mbatatesi, munthu wa ku Dedza sindingamuphunzitse, koma gulani mbewu yovomerezeka osati yophika ya mu shopu, musankhe yocha msanga yolembedwa first earlies. Iyaleni m'thireyi ya mazira pawindo itulutse timaso tobiriwira tolimba, kenaka mudzale kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, kuya masentimita 12, motalikana 30. Ikaphuka muziikwezera dothi, zimene zimatetezanso nsonga ku chisanu. Pakatha masabata 10 mpaka 12 mukudya, chiwawu chisanafike.

Koma zimene zidzakudyetseni nsima koposa zonse ndi repu ndi chomoliya. Banja la kabichi kwawo n'kuno, nyengo yozizira ndi yonyowayi ndiyo limakonda. Fesani m'timathireyi mu Malichi kapena Epulo, paketi yolembedwa rape kapena collard greens, muwokere mbande zikafika masamba 4 kapena 5, motalikana masentimita 45, ndipo mutsendere dothi mwamphamvu patsinde chifukwa mphepo ya kuno imagwedeza. Chomoliya ndiye musagule n'komwe njere. Funsani kutchalitchi kapena kuntchito, simungalephere kupeza mayi wa ku Zimbabwe amene ali nacho kuseri, kapena mbale wake covo. Akuthyolereni timphukira ta m'mbali totalika chikhatho chimodzi, muchotse masamba a m'munsi, mutizike mumphika wa kompositi yonyowa pamthunzi. Pakatha masabata 3 kapena 4 tagwira mizu. Tsinde limodzi limakhala zaka zingapo, limapirira kuzizira kwa kuno, ndipo 6 kapena 8 zimakwanira banja ngati muthyola masamba a m'munsi okha n'kusiya kunsonga.

Mpiru wanu uja sunalakwe kanthu, unangomvera dzuwa. Ku Lilongwe tsiku lalitali kwambiri limakhala ndi kuwala kwa maola pafupifupi 13, lalifupi kupitirira pang'ono 11. Ku Leeds mu Juni kumawala maola 17. Mpiru ndi chayinizi zikamva masiku akutalika choncho, makamaka ngati zinazizidwa zili mbande, zimathamangira kuchita maluwa. Ndiye mpiru si mbewu ya spring. Fesani kumapeto kwa Julayi kapena mu Ogasiti masiku atayamba kufupika, mudzathyola masamba aakulu owawira bwino mpaka Okutobala ndi Novembala.

Chimanga cha amayi anu nacho chinasokonezeka ndi kutalika kwa masiku, koma mosemphana. Cha kwathu chimadikira masiku afupike kuti chitulutse ngayaye. Kuno chimangokula msinkhu Juni, Julayi, Ogasiti yense, pamene chikuti chimasule mu Sepitembala kuzizira kwafika. Sikuti chimanga choyera n'chosatheka ku England. David Mwanaka, mlimi wochokera ku Zimbabwe, anakhala zaka akuyesayesa mpaka anayamba kuchilima ndi kuchigulitsa cha ku Enfield, kumpoto kwa London. Koma kumeneko n'kofundirako, ndipo pamafunika mbewu yogwirizana ndi nyengo ya kuno. Pa kabwalo kanu ku Leeds, ine ndingati chisiyeni. Ngati mtima ukukana, gulani chimanga chotsekemera chotchedwa sweetcorn, chocha msanga, mufese m'nyumba kumapeto kwa Epulo, muwokere mu Juni, osati mzere umodzi koma mowunjikana, mwachitsanzo mizere 4 ya mapesi 4 motalikana masentimita 45, kuti mungu ugwere pa ndevu za chinzake. Mondokwa wakwathu sangafanane naye, komabe wootcha amakoma.

Nkhwani ndiye nkhani yabwino. Dzungu kuti likhwime limafuna miyezi yambiri yofunda, koma ife tikufuna masamba, ndipo masamba sachedwa. Pakati kapena kumapeto kwa Epulo, osati Epulo asanafike, tengani timiphika ta masentimita 9, mudzaze kompositi, muike njere imodzi m'kamphika kalikonse choimika chammbali, kuya masentimita awiri, kuti madzi asakhazikike pamimba pake n'kuiwoletsa. Ikani pawindo lofunda. Pasanathe masiku 10 mudzaona timasamba tiwiri tonenepa titatukula dothi, nthawi zina khoko la njere lili chivalire kumutu. Sankhani mitundu yoyanga monga butternut kapena Crown Prince, masamba ake ndi ofewa. Courgette, timaungu tataliatali todyedwa tili tanthete, amabereka kwambiri koma masamba ake ndi aminga, olimba, ndipo ngakhale muwasende bwanji sakoma ngati nkhwani weniweni. Wokerani panja sabata yoyamba ya Juni, pa phando lothira manyowa ambiri, motalikana mita imodzi. Musathamangire kuthyola. Dikirani dzungu liyange kupitirira mita, kenaka muzitenga masamba anthete a kunsonga, aja akadali ndi ubweya wofewa, awiri kapena atatu pa nthambi, pamodzi ndi maluwa aamuna ndi timaungu tating'ono ngati mumakonda. Mapando 3 kapena 4 osamalidwa bwino amakupatsani nkhwani wotendera kuyambira Julayi mpaka chisanu choyamba cha mu Okutobala. Kumapeto kwa chilimwe masamba akale amachita nkhungu yoyera. Thothani odwalawo, anthete amabwerabe. Akachuluka awiritseni pang'ono muike mufiriji, chifukwa mfutso wa padzuwa kuno suuma bwino.

Kufesa pawindo kuli ndi msampha wake. Nyumba za kuno n'zofunda ndi hita koma kuwala n'kochepa, ndiye mbande zofesedwa molawirira zimatalika n'kukhala zoonda, zotuwa, zogwera kuwindo. Mbande yotero ikatuluka panja siichedwa kufa, ndipo nthawi zambiri yofesedwa mu Epulo imapitirira ya mu Febuluwale. Muzitembenuza miphika tsiku ndi tsiku, ndipo musathire madzi mpaka pamwamba patayamba kuuma, popeza chinyontho chambiri chimawoletsa tsinde pamene lakhudzana ndi dothi. Komanso musazichotse m'nyumba n'kuzidzala panja tsiku lomwelo. Kwa masiku 10 mpaka 14 muzizitulutsa masana pamalo obisika ku mphepo, madzulo n'kuzilowetsa, masiku omalizawo zigone panja zitafunditsidwa fleece. Mukakhala pa shifiti ya usiku, zitulutseni pobwera m'mawa, muzilowetse ponyamuka.

Bonongwe amachita bwino kuposa mmene ambiri amaganizira. Anzathu a ku Jamaica akhala akumulima m'minda ya kuno zaka zambiri, ndipo paketi yake imalembedwa callaloo kapena amaranth. Njere zake n'zazing'ono, muzingowaza pamwamba n'kuphimba pang'ono chabe, m'nyumba kumapeto kwa Epulo kapena panja mu Juni. Mukadula nsonga amaphukira m'mbali. Nyemba dzalani panja kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, mudye zitheba ndi khwanya yemwe. Kholowa amatheka: mizani theka la mbatata m'botolo la madzi pawindo, mphukira zikatalika muzidule zimere mizu, mudzale mumphika waukulu pakhoma lofunda. Pa mbatata yake musayembekezere zambiri, masamba okha. Tomato fesani m'nyumba kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo. Wamng'onomng'ono uja ndiye amapsa panja, wamkulu chiwawu chimamupeza asanafiire. Therere lobala ndi khobwe popanda greenhouse, kanyumba ka magalasi kapena pulasitiki kolimiramo, n'kutaya nthawi, chinangwa ndiye iwalani.

Tibwere kwa nkhono, makamaka zopanda chigoba zija, chifukwa ndizo mdani wamkulu wa mlimi ku Britain. Zimatuluka usiku kukakhala chinyontho, ndipo mu Epulo, Meyi ndi Juni zimapeza mbande zili zanthete. Kumacha mutapeza titsinde tokha ndi tinjira tonyezimira pa dothi. Pamene mungathe, wokerani mbande zokulirapo m'malo modzala njere panja, chifukwa dzungu la masamba 4 enieni limapirira kulumidwa pomwe la masamba awiri limatha usiku umodzi. Muzithirira m'mawa, osati madzulo. Koma chida chachikulu ndi tochi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kuno ndi ntchito yeniyeni: tulukani cha m'ma 10 usiku mvula itangokata, muunike kunsi kwa masamba ndi m'mbali mwa matabwa, muzitola n'kuponya m'chitini cha madzi a mchere. Masabata awiri oyamba mutawokera ndiwo ofunika. Yalani kathabwa pafupi ndi bedi, m'mawa mukakatembenuza mudzazipeza zitaunjikana kunsi kwake. Mankhwala a metaldehyde, timibulu tabuluu takale tija, analetsedwa ku Britain kuyambira pa 1 Epulo 2022 chifukwa amaononga mbalame ndi akanungu, ndiye wina akakupatsani otsala m'shedi mwake, kanani. Ololedwa ndi a ferric phosphate, owaza motalikana, osati mulu. Palinso tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totchedwa nematodes, tosungunula m'madzi n'kuthirira, timene timagwira ntchito nthaka ikafunda kuposa madigiri 5, kwa masabata pafupifupi 6. Za makoko a mazira ndi tepi ya kopa, zimene ena amatchingira mbewu kuti nkhono zisadutse, musatayirepo ndalama. A bungwe la za ulimi wa m'madimba la Royal Horticultural Society atayesa zimenezi pa letesi mu 2018 sanapeze kusiyana kulikonse.

Repu ndi chomoliya zili ndi adani awonso. Njiwa zonenepa za kuno zimatha bedi m'mawa umodzi, ndipo kuyambira Meyi agulugufe oyera amaikira mazira achikasu kunsi kwa masamba, mbozi zake n'kusiya mitsempha yokha. Yankho ndi neti ya timabowo tating'ono, yokwezedwa pa timitengo kuti isakhudze masamba, yoikidwa tsiku lowokera lomwelo osati mutaona kale kuti zadyedwa. Koma mukaona chomera chikufota masana dothi lili lonyowa, chizuleni muone mizu. Ikakhala yotupa ndi yopotana, amenewo ndi matenda a clubroot, amene amatha kukhala m'nthaka mpaka zaka 20. Musaponye pa kompositi, ndipo musagawire anzanu mbande za pamenepo. Laimu amachepetsa mphamvu yake koma saichotsa. Apa funsani alimi akale a pa allotment ya pafupi nanu, amadziwa mitundu yopirira. N'chifukwa chakenso ndati chomoliya mupemphe mphukira, osati chozula ndi dothi lake.

Pa mbewu za amayi ndikumvetsa, kukoma kwa nkhwani wa kumudzi n'kwina. Koma malamulo a Britain amafuna kuti mbewu zambiri zodzala zochokera kunja zikhale ndi chikalata cha boma chotsimikizira kuti zilibe matenda, ndipo zopanda chikalata akhoza kukulandani pabwalo la ndege. Musanapemphe wina kuti akunyamulireni, werengani kaye pa webusaiti ya boma ya gov.uk. Zambiri zimene mukufuna zilipo kale kuno, zina m'manja mwa anzathu amene akhala akusunga mbewu chaka ndi chaka, ndipo zimenezo zazolowera nyengo kuposa zobwera kumene.

Ikani mgolo pansi pa paipi ya madzi a padenga pano kukugwa mvula, chifukwa mu 2022 ndi mu 2025 ku Yorkshire analetsa kuthirira ndi hosipaipi. Lembetsaninso dzina ku khonsolo kuti mudzapeze allotment. Yathunthu imakhala pafupifupi masikweya mita 250, ngakhale ambiri masiku ano amagawa theka, ndipo m'mizinda munthu amatha kudikira zaka, ndiye lembetsani ngakhale simunatsimikize.

Nkhuku n'zololedwa, koma si monga kwathu kumene umangogula thadzi pamsika n'kulimasula pabwalo. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 aliyense woweta nkhuku ku England ndi Wales, ngakhale imodzi yokha, ayenera kulembetsa ku Animal and Plant Health Agency, bungwe la boma loona za matenda a ziweto ndi zomera. Kale lamuloli linkakakamiza okhawo a nkhuku 50 kupita m'tsogolo. Kulembetsa n'kwaulere, pa intaneti, ndipo cholinga chake n'choti akuchenjezeni chimfine cha mbalame chikabuka m'dera lanu. Nthawi zotero boma limatha kulamula kuti nkhuku zonse zitsekeredwe kwa miyezi, ndiye khola lanu likhale lofolera ndi lokwanira kuti zingakhalemo osatuluka. Lamulo lina limene limadabwitsa ambiri n'lakuti n'koletsedwa kudyetsa nkhuku zotsala za kukhitchini, kaya mkute wa nsima, makoko a mbatatesi kapena masamba amene adutsa pa thebulo lophikira. Linakhwimitsidwa pambuyo pa mliri wa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi umene unaphetsa ziweto zambirimbiri mu 2001. Masamba othyola m'dimba n'kupita nawo molunjika kukhola alibe vuto. Tambala musamuganizire n'komwe. Nkhuku zimaikira popanda iye, ndipo akamalira 4 koloko m'mawa mu Juni aneba sachedwa kukasuma ku khonsolo. Lamulo la ma allotment la 1950 limalola nkhuku zazikazi ndi akalulu, komabe malo aliwonse ali ndi malamulo ake, ndipo pa nyumba ya lendi pemphani chilolezo cholembedwa musanagule thabwa n'limodzi lomwe.

Ine ndikanakhala inu, chaka chino ndikanayamba ndi mabedi, nkhuku n'kudzaona chaka chamawa, chifukwa zitatu zokha zimamaliza kapinga wa bwalo lotero m'masabata ochepa, ndipo zikalowa m'bedi la repu sizisiya kanthu. Mukadzakonzeka, zitatu ndi chiwerengero chabwino popeza nkhuku siikonda kukhala yokha. Bungwe la British Hen Welfare Trust limagawa nkhuku zopuma m'mafamu a mazira zikafika masabata pafupifupi 72. Zimabwera zothothoka nthenga, zina zosadziwa n'kupalasa komwe, koma pakatha miyezi iwiri simungazizindikire, ndipo zimaikirabe. Iliyonse imadya magalamu 120 kapena kuposerapo pang'ono a chakudya chogula cha nkhuku zoikira, layers pellets, patsiku, ndiye mukaphatikiza ndi khola mazira ake sadzakhala otchipa kuposa a mu shopu. Phindu lenileni ndi kukoma kwa dzira, ndi zitosi, zimene muziwoletsa kaye pa kompositi miyezi ingapo chifukwa zaziwisi zimawotcha mbewu. Nkhandwe za m'tauni n'zolimba mtima, zimabwera ngakhale masana, ndipo waya wa nkhuku wamba zimang'amba. Gulani wolimba wowotcherera, mufolerenso pamwamba, wina muyale pansi kuzungulira khola kunja kuti zikamakumba zigunde waya. Chakudya chikhale m'chidebe chachitsulo chotseka kuopa makoswe. Kukayamba kufunda, utitiri wofiira umabisala m'ming'alu ya khola masana n'kumayamwa nkhuku usiku. Pukutani kunsi kwa mtengo wogonapo ndi tishu yoyera, mukaona timizere ta magazi dziwani kuti ulimo.

Nkhuku ikangoti ndwii osadya, pitani nayo kwa dokotala wa ziweto, ndipo mufunsiretu musanagule ngati wa pafupi nanu amaona nkhuku, chifukwa si onse. Koma zikatupa mutu, kupuma movutikira, kapena kufa mwadzidzidzi ziwiri zitatu, musazigwire ndi manja osavala magolovesi, musazidye, musazitaye m'bini, komanso musazinyamule kupita nazo kwina. Imbani foni kwa dokotala kapena ku Animal and Plant Health Agency tsiku lomwelo, popeza lamulo limati chimfine cha mbalame chinenedwe msanga. Ndipo inu amene mumagwira ntchito pakati pa okalamba, nsapato ndi zovala za kukhola zikhale za kukhola kokha, zisamakhudzane ndi yunifolomu.